Dzino la Doña Marielos

"Tingolizula basi," anatero Dokotala Araya, akuloza chithunzi cha nsagwada. "Dzino ili ndi laubwana, ndipo pansi pake palibe lina loti lidzamere. Tikazula tiikapo lochita kupanga, apo ayi timange mawaya kuti gwerulo litsekeke."

Doña Marielos, mayi wogulitsa nyama yankhumba mumsika wa ku Cartago, anadzuka pampando n'kuchotsa kansalu kapakhosi.

"Adokotala, mawu omwewa munandiuza ndili ndi zaka 19. Munati silifika Khirisimasi. Lero ndili ndi zidzukulu zitatu."

"Koma tsiku lina lidzagwedera, mayi."

"Liyambe lagwedera kaye! Lakulakwirani chiyani? Ine ndabwera kudzatsukitsa mano, osati kudzamangidwa mawaya ngati khola la nkhuku."

Anapisa dzanja m'chikwama n'kutulutsa chikopa cha nkhumba chokazinga, chouma gwa. Anachiluma ndi dzino lomwelo, kukutu kukutu, chotsalacho n'kupatsira dokotalayo.

"Lawani, n'chalero."

Dokotala anachiyang'ana nkhuli itamugwira, n'kumeza malovu. Kenako anagwira pakamwa.

"Zikomo mayi, koma angawa ndi oikirira. Zolimba anandiletsa."