Nagama Akhalira Makina Akale

Mawu onse olankhulidwa m'nyumba za m'mudzimo ankasungidwa m'makina. Makinawo atakalamba kunabwera atsopano, ndipo Nagama anamva amuna ake akunong'oneza mmisiri wosamutsa mawuwo kuti, "Achimwene, zakwathu musavutike nazo, ingofufutani."

Basi mayiyo anakakhala pamakina akalewo, n'kumasenda chinangwa chake.

"Pano sindidzukapo mpaka ndimve ndekha kuti zonse zalowa uko."

Mmisiri anayatsa atsopanowo. Munamveka malemu mayi ake a Nagama akuseka, Nagamayo n'kuyamba waika mpeni pansi. Kenaka munatuluka mawu a amuna ake, a zaka makumi awiri zapitazo: "Khitchini ija ndifolera malata mwezi uno."

Nagama anadzuka akusasa chitenje, n'kucheukira amuna akewo.

"Zonse zafika bwino. Abambo, mwezi uja ndi uno."