Jekete la Mkulu wa Mpingo

Ignatius ankayendetsa simbi ya makala pang'onopang'ono pa jekete lakuda la bambo ake, ngati sakufuna kuti ntchitoyo ithe. Khadi la chipani anali atalichotsa kale m'thumba kuti lisapse.

Jeketelo linkadziwika kuyambira ku Kapondo mpaka kumalire a Zambia. Bambo akewo, a Zulu, mkulu wa mpingo, ankalivala pamaliro, pamaukwati, ndi pokagwada pambali pa mphasa za odwala. Lero ankatula udindo. Mwambo wa pampingopo unali woti mkulu wopuma aveke jekete lake mnyamata amene akufuna kuti adzaponde m'mapazi ake.

Pakhonde a Zulu ankaseka ndi Benedict, mwana wa aneba, amene ankawapalasira njinga Lamlungu lililonse.

"Taimirira, mwana wanga, ndione mapewawo. Aa, likukwana ndithu!"

Mwana wanga. Ignatius anauzira makala mwamphamvu mpaka phulusa linamulowa m'maso.

Bambo akewo anasuzumira pakhomo. "Iwe, kodi ukusita kapena ukupemphera? Belu lilira posachedwapa."

Ignatius anaimika simbiyo. Ananyamula jeketelo ndi manja awiri, likadali lotentha, koma sanalipereke.

"Ababa," anatero Ignatius, "mwayendera nyumba zonse za m'dera lino, ngakhale za anthu osapemphera. Ine jekete ili ndakhala ndikulisita chiyambire ndili ku pulayimale. Kodi munayamba mwandiyezapo mapewa ine?"