Mawa Si M'mawa

"Taika kale, achemwali."

Ndinali nditangotsika ndege yoyamba. Ndinayatsa foni ndili pamzere wokwerera yachiwiri, ndipo mawu oyamba kumva anali amenewo, a mlongo wanga.

"Mwaika ndani?"

"Bambo. Inu munati mufika m'mawa. Takudikirani mpaka dzuwa pamutu, anthu n'kuyamba kudandaula."

"Ndinati mawa! Mawa, iwe! Makutu akowo ndi okongoletsera mutu?"

"Foni imadukaduka. Komanso amalume anati ndege si basi, singathe usana ndi usiku ili m'mwamba."

"Amalumewo anaikwerapo liti? Ndakhala maola khumi pampando, pansi pali nyanja yokhayokha, mapazi atupa mpaka nsapato zikukana. Kwatsala maola ena asanu ndi atatu. Osandiimbira bwanji kufunsa?"

"Tinaimba. Inali yozimitsa."

"Ndinali m'mwamba, chitsiru iwe!"

Mayi amene anali kutsogolo kwanga anacheuka, nakokera mwana wake pafupi. Ndinalibe nazo ntchito. Pamkono panga panali jekete yakuda imene ndinagula dzana kuti akawaveke bambo m'bokosi. Ulendo wonse ndinaifungata pamiyendo, kuopa kuti m'chikwama ikwinyika.

"Ndiye mwawaveka chiyani?"

Mlongo wanga anangofunsa motsitsa mawu. "Nanga mubwerabe?"

Mzere unayamba kuyenda. Ndinaipindapinda jekete ija n'kuikanikiza m'chikwama ndi chibakera.

"Uwauze amalume asachoke, andidikire," ndinatero. "Ndifika mawa. Wamva bwino tsopano?"