Nyimbo ya a Ndesi

"Tsegulani bokosilo!" anakuwa wapolisi pa boda ya Mchinji.

A Cyprian, mphunzitsi wa nyimbo ku mishoni, anatsegula bokosilo. Masiku amenewo anthu ankatsekeredwa pa zinthu zazing'ono kuposa mipope yakuda imene inali m'menemo.

"Mzinga uwu! Mukupatsira zigawenga ziti?"

"Ndi basuni, bwana, chitoliro cha m'gulu lalikulu la zoyimbira."

"Ombani timve."

Analumikiza mipopeyo n'kuuzira. Basuni inabuula ngati ng'ombe yolandidwa mwana.

"Nyimbo yanji imeneyi yosatamanda chipani?"

"Ndi ya ku Andesi, bwana. Eniake ankaiyimba ndi zitoliro zabango, ena n'kudzailembera basuni."

"Kwa a Ndesi? A Ndesiwo ali nalo khadi la chipani?"

A Cyprian anafuna kufotokoza kuti Andesi ndi mapiri a ku South America, koma maso awo anagwera pa unyolo umene unkalendewera m'chiuno mwa wapolisiyo.

"Anatisiya, bwana."

Wapolisi anavula chipewa.

"N'chifukwa chake! Pepani maliro, dutsani. Koma aphunzitsi, munthu wamkulu ngati a Ndesi simungamulire ngati ng'ombe. Kayeserereni bwino."