Kiyi wa a Tcheyamani

Panali munthu wina, dalaivala wopuma pantchito, amene nyumba yake inali yomalizira mumsewu wopita kuphiri. Anthu ankangowatchula kuti a Tcheyamani, chifukwa ndiwo ankatsogolera komiti ya m'deralo, ndipo mpandowo ankaukonda zedi.

Kuphiriko kunali anyani. Kale ankadya zakutchire n'kumagona m'matanthwe, osayandikira anthu. Koma a Tcheyamani anayamba kusowa chochita pakhomo. M'mawa uliwonse ankazemba kupita kuseri kwa mpanda ndi beseni la makoko a nthochi ndi zotsala za buledi, n'kugogoda besenilo ndi kiyi. Anyani akamva ngwe ngwe ngwe ankatsika, iwo n'kumawajambula pafoni, mtima uli mbee.

Akazi awo anawachenjeza. "Bambo, nyama mukaizoloweza mbale sibwereranso kutchire." Iwo anangoseka, amvekere azimayi amaopa chilichonse chaubweya.

Sipanapite nthawi, anyani anasiya kukwera phiri. Avutikirenji kufukula mizu pomwe chakudya chikubwera pabeseni? Anayamba kugona pamadenga, kugwetsa mabini, kulowa m'makhitchini. Tsiku lina chinyani chachikulu chinaluma mwana wa sukulu padzanja pomulanda chakudya.

Anthu anakwiya n'kuyamba kufunafuna wolakwa. M'malo moulula, a Tcheyamani analoza chala mayi wina wamasiye amene ankagulitsa zipatso pabenchi yake pakona ya msewu. Anati nthochi zake ndi zimene zikuitana anyani. Mayiyo anadandaula kuti benchi imeneyo ndiyo imadyetsa ana ake, koma ndani akanatsutsa tcheyamani? A Tcheyamani anaitanitsa msonkhano woti amuchotse pakonapo, n'kuitananso mkulu woona za nyama zakutchire kuti akhale mboni.

Msonkhano unachitikira pabwalo, pafupi ndi nyumba yawo. Anakhala kutsogolo patebulo lachitsulo, jekete ili pathupi. Anthu anayamba kulankhula nthawi imodzi, phokoso lokhalokha. Pofuna kuwakhalitsa chete, a Tcheyamani anatulutsa kiyi n'kugogoda patebulo. Dzanja linangochita zimene linazolowera.

Ngwe ngwe ngwe.

Anthu anakhaladi chete. Kenako malata anayamba kulira. Anyani anatsika pamadenga ndi m'mitengo, ena ana ali kumsana. Anadutsa pabenchi ya mayi uja osaima n'komwe. Onse anakakhala mozungulira a Tcheyamani, ndipo chinyani chija chinapisa dzanja m'thumba la jekete yawo ngati mwana wochingamira bambo ake.

Mkulu wa zanyama uja anafunsa modekha. "Bambo, nyamazi zakudziwirani kuti chonchi?"

A Tcheyamani anaweramitsa mutu. Manyazi anawagwira moti ngakhale dzanja la nyani analephera kulichotsa m'thumba. Akazi awo anadziphimba kumaso n'kulowa m'nyumba. Mayi a mwana wolumidwa uja anakweza dzanja la mwanayo, bandeji ili pomwepo.

Kenako mayi wamasiye uja analankhula. "Musawachitire manyazi, a Tcheyamani. Ndi alendo anu amenewo, alandireni. Ine ndilibe nawo chibale."

Chinyani chija chinawomberedwa, poti chinali chitasiyiratu kuopa anthu. Chinafera beseni la munthu. Otsalawo anthu anavutika nawo nthawi yaitali, kutseka mabini ndi kuwapirikitsa, mpaka anabwerera kuphiri. Mayi uja akugulitsabe zipatso pakona pomwepo. A Tcheyamani anatula pansi udindo, ndipo akafuna kupita kugolosale amazungulira njira yakuseri kuopa kudutsa pabenchiyo. Anyani anabwerera m'njira zawo zakale, koma iwo mumsewu wawo womwe sayendamonso.

Phunziro: Osadyetsa nyama zakutchire. Ukazipatsa chakudya umazichotsa kwawo, zimavulaza anthu, mapeto ake zimaphedwa. Ndipo ukalakwa usakankhire mnzako wosauka, pajatu choipa chitsata mwini. Tumizirani abale ndi anzanu, makamaka aja okonda kuponyera anyani nthochi.