Wometa Amene Ankamvera Mutu Uliwonse

Panali munthu wina wometa tsitsi, ndipo akuti nkhaniyi inachitikadi. Anali ndi mwana wamkazi, wachisamba, amene ankamukonda kwambiri. Zotsatira za mayeso omaliza a sekondale zitatuluka, zinapezeka kuti mtsikanayo wakhoza maphunziro ena onse koma masamu wagwa nawo. Analira mpaka maso kutupa.

Bambo akewo sanakalipe. "Pukuta misozi, mwanangu. Kugwa si kufa. Ulembanso, ndipo ine ndili pambuyo pako."

Ankanena zochokera pansi pa mtima. Vuto linali lakuti iwowo sukulu anaisiyira panjira, ndiye sankadziwa kuti mwana wobwereza mayeso amathandizidwa bwanji. Anayamba kufunsa aliyense wokhala pa mpando wawo wometera.

Dalaivala wina anati, "Mulandeni foni, ndi imene ikuwononga anawa." Madzulo foni inalandidwa. Kutacha kalaliki wina anadabwa: "Mwalanda foni? Maphunzirotu masiku ano ali pa foni pomwepo!" Foni inabwezedwa. Wina anati azidzuka kusanache, mapazi ali m'beseni la madzi ozizira. Wina anati ayi, ubongo umafuna tulo. Wina analoza mphunzitsi wapadera, wina n'kuti ameneyo ndi wachikale, wabwino ali kuseri kwa msika. Mtsikanayo ankangosinthidwa aphunzitsi, aliyense ndi njira yakeyake.

Tsiku lina anafunsa, "Adadi, ndiye mawa ndidzuke kapena ndigone?"

Bambowo anakanda mutu. Iwonso anali atayiwala kuti womaliza ananena chiyani.

Akazi awo, omwe anali telala, anati, "Bambo, mwanayu mumuzunguza mutu. Bwanji osangopita kusukulu kukafunsa aphunzitsi ake?"

"Mayi, inu mumagwira nsalu. Ine ndimagwira mitu ya anthu ophunzira tsiku lililonse."

Ngakhale zinali choncho, mtsikanayo analimbikira, ndipo mayeso atayandikira masamu anali atayamba kumumvera.

Mawa lake kuli mayeso, m'malo ometeramo munalowa mlendo wovala tayi. Makina akulira, wometa uja anafunsa, "Mumagwira ntchito yanji, bwana?"

"Za mayesozi. Nyengo ino sitipuma. Moti a mawa m'mawa aja awasunthira masana, atiuza kumene."

"A mawa?"

"Eya, a mawa."

Wometayo sanafunsenso. Anatseka msanga n'kuthamangira kunyumba.

"Mulungu ndi wabwino! Ndameta mkulu wa mayeso. Masamu mulemba masana."

"Adadi, koma pa ndandanda analemba kuti m'mawa."

"Ndandandawo anausindikiza liti? Ine ndamva za lero."

Mayi anaimitsa makina osokera. "Mkuluyo dzina lake ndani? Tiyeni tiwaimbire aphunzitsi."

"Tiwavutitsirenji? Mwina iwonso sanauzidwe. Munthutu ndamugwira mutu ndi manja angawa."

"Ndiye ndingopitabe m'mawa, ndikadikire konko," anatero mtsikanayo.

"Ukakhale padzuwa mpaka masana, masamu onse akasungunuke? Upume." Ndipo anatenganso foni ija n'kuithimitsa kuti anzake asamusokoneze.

Kutacha, wometayo sanatsegule ntchito. Anapolisha yekha nsapato za mwana wake, anamusongolera mapensulo, ndipo dzuwa litafika pamutu anamuperekeza. Atayandikira geti la sukulu anakumana ndi ana akutuluka, akukangana za mayankho.

Mnzake wa mtsikanayo anathamanga. "Iwe, unali kuti? Takuimbira mpaka kutopa!"

Bambowo anayang'ana ana, anayang'ana geti, anayang'ana wotchi. Analowa kukapeza mayi woyang'anira mayeso akumata maenvelopu.

"Mayi, tabwera kudzalemba masamu a masana."

"A masana ati, bambo?"

"Amene awasuntha."

"Wawasuntha ndani?"

Apa m'pamene wometayo anazindikira kuti sakudziwa dzina la munthuyo, ofesi yake, ngakhale kumene amakhala. Anagwada. Anapempha kuti mwana alembe ngakhale ataimirira pakhonde. Mayiyo anamva chisoni, koma anati pepala likatsegulidwa latsegulidwa, adzayesenso chaka chamawa.

Mtsikanayo sanalire. Anapereka mapensulo aja kwa bambo ake n'kuyamba kuyenda. Njira yonse anali patsogolo, iwo pambuyo. Kunyumba mayi atamva, anangolowa kuchipinda ndi mwana wawo n'kutseka chitseko.

Patapita masabata angapo, mlendo uja anabweranso, tayi yomweyo, n'kukhala pampando mosatekeseka. Wometayo anayamba kumumeta. Atafika pakati pa mutu analephera kupirira.

"Bwana, munandinamiziranji? Munati masamu awasunthira masana."

"Masamu? Ine?" Mlendoyo anatembenuka, mbali imodzi yometa, ina ayi. "Ine ndinkanena mayeso a anamwino, kukoleji uko. Ndi kumene tinkakasiya madesiki."

"Madesiki?"

"Eetu. Ndimayang'anira lole yonyamula madesiki. Bwanji, pali chimene chinalakwika?"

Wometayo anayang'ana pagalasi la pakhoma. Ankafuna munthu woti amukalipire, ndipo pagalasi lalikulu lija ankangoonapo awiri: wamadesiki wodabwa, ndi iye mwini, makina akulirabe m'manja.

Phunziro: Chikondi chopanda kufufuza chimapweteka mwana. Mwana akamalembanso mayeso, za sukulu kafunseni kusukulu, osati kwa aliyense wovala tayi, ndipo mwanayo akalankhula mumvetsereni chifukwa wolemba ndi iyeyo. Musaisunge nkhaniyi. Itumizeni kwa makolo anzanu mayeso asanafike.