Mtsempha wa Ba Kampamba

Namwino wa ku Chilenje anauza Ba Salifyanji kuti munthu akamalota, mitsempha ya m'mutu imatseguka, magazi n'kumathamanga ngati ali maso. Kuyambira pamenepo, amuna awo, Ba Kampamba, akagona, ankawagwira pachipumi n'kumadzifunsa kuti magaziwo akuthamangira ndani.

Madzulo ena magetsi atazima, anawasiya ali mtulo n'kupita kukagula kandulo. Ananu, mwamuna wolota sasiyidwa yekha! Pobwerera anakumana ndi mayi wonunkha mafuta a nsatsi, omwe ankadzola malemu mkazi woyamba wa Ba Kampamba.

"Fulumirani, mkazi mnzanga," anatero mayiyo. "Akadzuka ndi anu."

Atafika kunyumba, Ba Salifyanji anapeza amuna awo mtsempha ukugunda, pachipumi pali mafuta osauma. Anawagwedeza, anawaitana dzina. Ba Kampamba ankangomwetulira, osadzuka.